Ng'ombe Zinayi za a Ndau pa Fomu Yanga

Mundikhululukire, ana inu, kuti munthu wolekezera Sitandade 8 pa sukulu ya kumudzi ndadzaza kope ngati mphunzitsi. Kulemba n'kwa anthu ophunzira, ndipo dzanja langali linazolowera chingwe ndi ndowa. Koma pakamwa panga mumapadziwa. Ndikangoti ndiyambe nkhani, agogo anu aakazi a Nanyoni amakhala ataimaliza kale, ine n'kungotsala ndi mawu akuti eya, zinali choncho. Tsono ndati mwina cholembera chindipatsa mpata. Iwe Tiyamike, poti ndiwe wamkulu, uwawerengere ang'ono ako, koma usathamange ngati wolengeza mpira pa wailesi. Pamene ndaphonya kalembedwe ungokonza mumtima, usaitane anzako kuti adzaseke.

Inu mumandidziwa ngati agogo a ng'ombe, amene anthu amadzawatenga pa njinga yamoto mwana wa ng'ombe akakanika kubadwa. Chimene simudziwa n'chakuti ndinaphetsapo ng'ombe zinayi za munthu, ndipo panafika nthawi yoti ndisankhe kulemba zimenezo pa fomu yofunsira ntchito kapena kuzibisa. Nkhani ya m'kope muno ndi imeneyo.

Ndinalowa ntchito chaka chimene tinavota koyamba pa zipani zambiri. Kumtunda kwathu kuno, njira ya ku Tsangano, chinali chaka cha phokoso. Anzanga ankakwera malole n'kumaimba nyimbo za misonkhano, ndipo anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki ankapasula zisakasa zawo kubwerera kwawo. Ine phokoso silinali langa. Munthu wamkulu akandiyankhula ndinkayang'ana zala za kuphazi, akandituma kamodzi ndinkathamanga kawiri. Kusukulu aphunzitsi ankandikonda chifukwa ndinkasesa popanda kuuzidwa. Ndinkayesa kuti khalidwe labwino ndi kusakhumudwitsa munthu aliyense, basi.

Amene anandilemba ntchito anali a Ndau, bambo amene anakhala zaka zambiri m'mafamu a ku Halale, kenako ku migodi ya ku Joni. Anzawo ankabwerako ndi mawailesi ndi masuti, iwo anabwerako ndi maganizo a ng'ombe zamkaka. Anatchinga malo awo ndi waya, nadzala nsenjere m'mphepete mwa khwawa, n'kupeza ng'ombe zisanu ndi ziwiri za mawanga akuda ndi oyera, zopanda linunda. Anthu ankachoka kutali kudzangoziona. Iliyonse inali ndi dzina lake. Ine dzina langa ndine Yotamu, koma iwo ankanditcha mfana monga ankaitanirana ku migodiko. Tsiku loyamba anandipatsa majombo a mphira, ndipo ndinayenda nawo mpaka kutchalitchi Lamulungu lake.

Lamulo lawo linali limodzi ndipo ankalibwereza mpaka linandilowa m'mafupa: mkati mwa waya musalowe ng'ombe yachilendo, ngakhale ikhale ya abusa. Ankati ng'ombe zathu za makolo zimayenda ndi nkhupakupa m'makutu koma sizifa nazo poti zinazolowera, pamene zamkakazi zikalumidwa ndi nkhupakupa yomweyo zimagwa ngati nkhuku za chitopa.

Ntchitoyo ndinaikonda. Inu mkaka mumaudziwa wa m'timapepala ta pulasitiki, woboola ndi mano pakona. Ife tinkadzuka chifunga chisanachoke, m'mwezi wa Juni udzu utayera ndi chisanu, manja ali gwa, moti munthu unkawafunditsa pa bere la ng'ombe usanayambe kukama. Ndinkatsuka bere ndi madzi ofunda, n'kukamira m'ndowa, n'kusefa ndi nsalu yoyera imene amayi a pakhomopo ankaiwiritsa tsiku ndi tsiku. Kenako chigubu pa njinga, kutsetsereka mpaka kumsewu, mabuleki ake ali phazi pa tayala. Masana kudula nsenjere, kuiwaza ndi chikwanje, kusakaniza madeya ndi kamchere. Loweruka ndinkabereka mpope pamsana n'kupopera mankhwala ng'ombe iliyonse, kuyambira m'makutu mpaka pansi pa mchira. Mkaka wotsala unkagona m'chipanda n'kusanduka chambiko. Chambiko ndi mbatata ya kachewere yootcha paphulusa, ana inu, zimenezo simunadye. Mmodzi wa inu, Fatsani, akuti yogati ndi yomweyo. Si yomweyo.

Zaka ziwiri ndi miyezi ingapo zinayenda bwino. Ndiye kunabwera dzinja lija.

Ndikuuzeni kaye za malume anga a Gama, achimwene awo a mayi anga. Bambo anga anapita ku Joni ndili wakhanda ndipo sanabwererenso. Amene anandilera, kundigwiritsa khasu ndi kundiperekeza kusukulu tsiku loyamba anali a Gama. Ndiwo anali eni mbumba. Nthawi imeneyo n'kuti nditafunsira a Nanyoni, ndipo amene ankayenda nayo nkhaniyo kwa akuchikazi monga ankhoswe anga anali malume omwewa. Popanda iwo panalibe ukwati.

Kwathu kuno kulinso mwambo wa kuikiza. Munthu khola likamuvuta, kapena akafuna kuti ziweto zake zikhale kwina kwa kanthawi, amakazisiya m'khola la mnansi. Mnansi sakana. Kukaniza khola m'bale wako n'chimodzimodzi kumukaniza madzi akumwa, ndipo nkhani yake imafika mpaka kumaliro ako.

M'mwezi wa Januwale a Ndau ndi akazi awo anapita ku maliro ku Balaka, nandisiyira famu yonse sabata yathunthu. Tsiku lachiwiri masana, mvula itangokata, ndinaona malume akubwera ndi ng'ombe zitatu za linunda zimene anasinthanitsa kutsidya kwa malire. Anati khola lawo lagwa ndi matope, akufuna kuikiza masiku atatu okha pamene akudula mitengo ina. Ndinaona ndi maso angawa kuti m'makutu mwa ng'ombezo munali nkhupakupa zothithikana ngati mapira. Ndinayankha ndi mawu aang'ono kuti abwana amaletsa.

Malume anandiyang'ana nthawi yaitali. "Abwana akowo ndi amene akakukhalire pa mphasa kwa akuchikazi?"

Ndinatsegula geti.

Masiku atatu aja anasanduka asanu. Ng'ombezo zitachoka ndinafafaniza mapazi ake ndi nthambi, ndinazula zikhomo zimene ndinazimangirira, ndinapopera mankhwala ng'ombe zathu ngakhale silinali Loweruka. A Ndau atabwera anayendera famu yonse, nanditi ndasamala bwino, n'kundipatsa mapichesi amene anagula panjira. Ndinalandira n'kuwadya. Sabata zinadutsa popanda kanthu, mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti ndapulumuka. Sindinkadziwa kuti nkhupakupa ikagwa mu udzu imakhala chete, imafundula, n'kudikira.

Chimanga chitayamba kukhwima, ng'ombe yotchedwa Duwa inasiya kudya. Pansi pa khutu panatupa mwanabere, thupi linatentha, ndipo inkapuma ngati yakwera phiri. A Ndau anaitanitsa alangizi a ziweto. Iwo atangoigwira anafunsa ngati mkati mwa waya munalowapo ng'ombe zina. A Ndau anayankha msanga kuti zosatheka, mfana uyu salola ngakhale mbuzi. Onse awiri anacheukira kwa ine. Ine ndinayang'ana majombo anga.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti sindinanene bodza, ndinangokhala chete. Musadzadzitonthoze choncho. Ndikanatsegula pakamwa tsiku limenelo, akanachotsa ng'ombe zotsalazo pa udzu uja. Sanazichotse, poti sankadziwa. Duwa inafa thovu lili m'mphuno. Inatsatira Sitima, kenako Mandasi, kenako Chifunga imene inali ndi bere la miyezi isanu ndi iwiri. Anthu anabwera ndi mabeseni kufuna nyama, a Ndau anawabweza. Maenje onse anayi ndinakumba ndine.

Mayi wina amene ankadzagula mkaka ndiye anawauza a Ndau, mosadziwa kuti akuulula kanthu, kuti m'Januwale anaona ng'ombe za linunda zikudya mkati mwa waya. A Ndau anandiitana pakhonde. Sanakalipe. Anangofunsa kuti zinali za yani. Anafunsa katatu. Ndikanena, ndiye kuti ndapereka malume, ndipo ukwati wanga uli m'manja mwawo. Ndinakhala duu.

"Vula majombo anga, mfana. Uzipita."

Ndinabwerera kwathu wopanda nsapato m'matope, popanda kalata, popanda kutsanzika. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinafuna kukondweretsa malume ndi abwana nthawi imodzi, ndipo mvula inandipeza pakati.

Ukwati unachitika, malume anayankhula bwino kwambiri pa chinkhoswe. Tinatsegula dimba la kabichi, tinkalimanso mbatata n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu, kuthamangira basi iliyonse yoima titanyamula beseni pamutu. Mayi ako iwe Tiyamike anabadwa m'zaka zimenezo. A Ndau ndinkawathawa. Njira yachidule ya ku chigayo inkadutsa pa famu yawo, koma ine ndinkazungulira kudambo, ndipo a Nanyoni nawonso ankazungulira, thumba lili pamutu, mwana ali kumbuyo. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yomalizira kuti ndituluke iwo asanaimirire. Zaka zitatu ndinakhala moyo wotero.

Masiku amenewo mabungwe ankabwera ambiri ndi magalimoto oyera. Lamulungu lina m'nyengo yozizira analengeza m'tchalitchi kuti bungwe lina likubweretsa ng'ombe zamkaka kwa alimi a m'makalabu. Mlimi azilandira msoti, ukabereka thole lalikazi azilipereka kwa mnzake. Ankafuna munthu wosamala ng'ombezo pa khola lawo pafupi ndi Boma zisanagawidwe, komanso wophunzitsa alimi kukama ndi kupopera. A Nanyoni kumbali ya amayi anatembenuka n'kundiloza ndi maso.

Inu mukafuna kupita ku Boma mumangoimika minibasi, kapena kuimbira wa njinga yamoto pa foni. Ife tinkadikira lole ya mbatata, n'kukhala pamwamba pa matumba, fumbi lofiira likulowa mpaka m'mano. Lole ikafika pa chitunda n'kukanika, tonse tinkatsika kukankha, wina akuthamanga ndi mwala woika kuseri kwa tayala. Ndinafika ku ofesi ya bungwelo nditafiira ngati njerwa. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali osagogoda, mpaka mlonda anandimvera chisoni n'kundilowetsa. Anandipatsa fomu ya masamba awiri, mawu achingerezi pamwamba, achichewa m'munsi mwake, n'kundiuza kuti ibwere pasanathe sabata ziwiri.

Tsamba loyamba silinavute: dzina, mudzi, sukulu. Pa tsamba lachiwiri panali mizere itatu. Ntchito imene munagwirapo. Dzina la amene anakulembani. Chifukwa chimene munasiyira. Mpata wolembapo unali waung'ono ngati chala.

Fomuyo ndinaiika m'buku la nyimbo kuti isapindike, ndipo masiku asanu ndinkangoitulutsa n'kuibwezamo. Ndikasiya mizereyo yopanda kanthu, ndiye kuti ndine wolima kabichi wa Sitandade 8 pakati pa anyamata a masatifiketi, palibe chondiitanira. Chokhacho chimene ndinali nacho kuposa iwo ndi zaka zanga za kwa a Ndau. Koma ndikalemba dzina la a Ndau, a bungwe akawafunsa, ndipo akamva za maenje anayi aja. Ndinaganizanso zolemba ntchitoyo n'kunamizira chifukwa china, koma a Ndau anali moyo, ndipo galimoto yoyera sikanavutika kufika pakhomo pawo.

A Nanyoni anandipeza nditaitulutsanso pa dimba. Anati ngati ndikufuna kubisa ndibise, koma tsiku loyamba ndikadzangogwira bere la ng'ombe aliyense adzaona kuti manja awa anakamapo, ndiye adzafunsa kuti kwa yani. Anawonjezera kuti iwo atopa ndi njira ya kudambo, miyendo yawo sinalakwire munthu.

Pamenepo ndinatsimikiza mtima kuti ndilemba. Koma ndinaona kuti sindingalembe pa pepala la alendo chinthu chimene ndinakana kuuza mwini ng'ombe. Ndinayenera kupita kwa a Ndau. Ndipo ndisanapite kwa a Ndau ndinayenera kudzera kwa malume, chifukwa dzina lawo linali m'kamwa mwanga.

Ndinawapeza m'mawa akusema goli pansi pa mtengo wa pichesi. Ndinakhala pansi chapatali, n'kupereka moni, n'kufunsa za onse a pakhomo mmodzimmodzi mpaka mayina anatha. Kenako ndinafotokoza. Malume sanasiye kusema. Anati nkhaniyo ndi yophweka: ndilembe kuti ndinasiya chifukwa cha ukwati, kapena kuti famuyo inatha. Anati ophunzira onse amalemba choncho, ndipo zakale sazifukula ngati mbewa.

Ndinati, "Ayi, malume. Pa fomu dzina lanu sindilemba, poti amene anatsegula geti ndine. Koma a Ndau anandifunsa katatu kuti zinali za yani, ndipo mawa ndikukawayankha."

Anaika kasemasema pansi. "Ndinakulera kuti udzandivule pamaso pa anthu?"

Ndinayankha kuti anandilera, ndipo sindidzaiwala, koma mawa ndikupita. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kunena ayi kwa munthu wamkulu. Ndinadikira kuti mwina thambo ligwa. Malume anangotembenuza mpando wawo n'kundipatsa msana. Sanandiyankhulenso mpaka kukolola kwa chaka chotsatira, ndipo ngakhale pamenepo anayamba ndi kundibwereka nkhwangwa, osati kundipatsa moni. Musawaweruze kwambiri. Iwo anachita zimene makolo awo ankachita ndi ng'ombe zimene makolo awo ankadziwa.

Kutacha ndinadutsa njira yachidule ija koyamba m'zaka zitatu. Waya anali atagwa m'malo ambiri. M'khola mmene ndinkakamira munali mizere ya tomato. Ndinali nditamva kuti a Ndau anagulitsa ng'ombe zitatu zotsalazo, koma kumva ndi kuona n'zosiyana. Iwo anali pakhonde atafunda chikhoti cha ku migodi, maso atachita ng'ala. Nditati odi anatembenuza khutu, osati maso, n'kunena kuti mawu onong'ona chonchi ndi a mfana Yotamu.

Ndinagwada pansi pa khonde. Mawu ndinali nditawakonza njira yonse, ndiye ndinangowakhuthula. "Zinali za malume anga a Gama. Zinali zitatu. Ndinatsegula geti ndine, zinakhala masiku asanu, ndipo nkhupakupa ndinaziona."

A Ndau anati ndikanawauza sabata yomweyo akanatseka mbali imeneyo ya udzu mpaka chilimwe, ndipo mwina ikanafa imodzi, mwina osafa n'komwe. Anafunsa chimene chandibweretsa lero patapita zaka zonsezi. Ndinawauza za fomu. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe, nati kani ndi ntchito imene yandituma, si mtima. Ndinafuna kukana kuti ndiwasangalatse, koma ndinadzigwira. Ndinavomera kuti pakanapanda fomuyo mwina bwenzi ndikuzungulirabe kudambo.

Yankho limenelo linaoneka kuti lawakhazika mtima pansi kuposa kupepesa kwanga konse. Anati iwo maso alibe, kalata sangalembe. Ndilembe ndekha m'dzina lawo, ndiwawerengere, ikakhala yoona asayina.

Amayi a pakhomopo anandithotholera mapepala m'kope, ndipo ndinalembera pa bondo. Kalata yoyamba ndinati Yotamu anagwira ntchito pa famu yanga, ng'ombe zinayi zinadwala n'kufa, ndipo anachoka. A Ndau anafunsa ngati zinadwala zokha ngati chimfine, ndiponso ngati ndinachoka kapena anandichotsa. Ndinang'amba. Yachiwiri ndinalemba za geti ndi za kuchotsedwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa kuti nanga tsiku limene alangizi anabwera lapita kuti. Ndinang'ambanso. Yachitatu ndinaikamo zonse: lamulo limene ndinalidziwa, ng'ombe zachilendo, mapazi amene ndinafafaniza, kukhala chete kwanga pamaso pa alangizi. Ndinawawerengera mpaka kumapeto.

"Nayonso ndi yabodza," anatero a Ndau.

Panalibenso choipa chimene ndinasiya.

"Walemba theka. Lemba kuti zaka ziwiri palibe thole linafera m'manja mwako. Lemba kuti mkaka wako sunabwezedwepo kumsewu. Lemba kuti ng'ombe ikayamba kudwala unkaiona iwe ine ndisanaione. Zimenezonso zinachitika."

Ndinalemba misozi ikudontha pa bondo, ndikuteteza pepala ndi chigongono. Iwo anafufuza m'mphepete mwa pepalalo ndi chala, n'kusayina ndi zilembo zikuluzikulu zokhotera m'munsi. Nditatambasula manja onse awiri kuti ndithokoze, anati ndisafulumire. "Sindinati ndakukhululukira. Ndati ndi zoona." Ndinavomera kuti ndamva. Pobwerera ndinadutsanso njira yachidule yomweyo.

Pa fomu paja, pa mzere woyamba ndinalemba kuti wosamala ng'ombe zamkaka. Pa wachiwiri, a Ndau ndi mudzi wawo. Pa wachitatu ndinalemba timalemba tating'ono kuti tikwane: ndinachotsedwa chifukwa cha kulakwa kwanga, onani kalata. Chomangira mapepala tinalibe, choncho a Nanyoni anachotsa pini pa bulauzi yawo n'kulumikiza kalatayo ku fomu. Ndinakwera lole ina kukapereka ndekha, poopa kuti ndikatuma munthu ndidzamuthamangira panjira kuti andibwezere.

Patatha sabata zitatu anandiitana. Pa benchi ya panja tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, anzangawo atamanga mataye, mafaelo ali pamiyendo. Ine ndinavala jekete la ukwati limene linali litayamba kundithina m'khwapa. M'chipindamo munali anthu awiri: mayi amene ankayang'anira ntchito yonse ya bungwelo m'boma lino, ndi dokotala wa ziweto, bambo wamfupi wosaseka. Kalata ya a Ndau inali patebulo, pini ija ikadalipo.

Dokotalayo sanabise maganizo ake. Anati ng'ombe zimene zikubwera n'zochokera kutali, ndipo iye sangagone tulo atazisiya ndi munthu amene anatsegulapo geti. Mayiwo anawerenganso kalatayo chamumtima, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndikanasiya mzerewo wopanda kanthu palibe akanandikakamiza. Ndinati ndikudziwa, koma zonse zimene ndimadziwa za ng'ombe ndinaziphunzira kumeneko, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo sindikanatha kubweretsa zina n'kusiya zina.

Anafunsanso kuti nanga atabwera munthu wamkulu, kaya wa chipani, kaya m'bale wanga, n'kunena kuti asungireko ng'ombe zake masiku awiri, ndidzatani. Masiku amenewo akuluakulu a zipani ankalowa paliponse ngati kwawo. Ndinaganiza kaye, poti sindinafune kulonjeza zokoma zokha.

"Ndidzanjenjemera, mayi. Mawu adzandithawa. Koma sindidzatsegula, ndipo tsiku lomwelo ndidzabwera kudzakuuzani."

Dokotala uja ananditengera kuseri kwa ofesi kumene kunali msoti umodzi wa mlimi wina, nati ndimuuze ngati uli bwino. Ndinauyandikira cha kumbali ndikuuyankhula pang'onopang'ono, ndinapinda khutu n'kuyang'ana mkati, ndinagwira pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, ndinakweza mchira. Ndinamuuza kuti ng'ombeyo ili bwino, koma amene amaipopera amaiwala m'makutu, ndipo ndinamuonetsa nkhupakupa ziwiri pa chikhatho. Anangozitenga n'kuziika m'kabotolo.

Ntchito yophunzitsa alimi anaipereka kwa mnyamata wina wa satifiketi, ndipo anaiyenera, pakamwa pake panali pomasuka. Ine anandiuza kuti andiyesa miyezi itatu pa khola pokha, dokotala azibwera mosandichenjeza, ndipo chikangolakwika chilichonse ndizipita. Ndinamvanso pambuyo pake kuti galimoto yawo inafikadi kwa a Ndau. Iwo anangowauza kuti zimene zili m'kalatamo ndi zomwezo, alibe chowonjezera kapena chochotsa.

Miyezi itatu imeneyo ndinagona m'kanyumba ka pambali pa khola, kwathu ndinkapita Lamulungu lokha. Dokotala ankatulukira nthawi iliyonse, tsiku lina m'mawa, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kupinda makutu a ng'ombe asanandipatse moni. Misoti yonse imene inabwera inakafika kwa alimi ili moyo. Umodzi unatsegula m'mimba sabata yachiwiri, ndipo ndinathamanga wapansi mpaka ku ofesi kukanena ndowe zisanaume. Anandiseka kuti ndi nsenjere yanthete chabe, koma sindinachite manyazi.

Miyeziyo itakwana mayi aja anandiitanitsa. Anati dokotala wavomera kuti ndikhale, ngakhale wavomera ndi mutu wokha. Kenako anatulutsa fomu ina, ya antchito okhazikika, yoti ipite ku likulu lawo kumene kunalibe munthu wondidziwa. Nditatembenuza tsamba ndinapeza mizere itatu yomwe ija, mpata wake waung'ono chimodzimodzi. Mayiwo anati ndingathe kupita nayo kunyumba ndikaganize bwino, ndibwere nayo Lolemba.

Ndinapempha cholembera chawo. Ndinalemba chiimire, pakona pa tebulo lawo, mawu omwe aja: wosamala ng'ombe zamkaka, kwa a Ndau, ndinachotsedwa chifukwa cha kulakwa kwanga. Iwo anawerenga, anadinda chidindo, n'kundiuza kuti ndibwerere ku khola poti ng'ombe zina zikufika masana.

Nkhani ya ng'ombe za a Ndau inathera pamenepo, m'mawa wa Lachisanu lomaliza la mwezi wa Okutobala, mvula yoyamba isanagwe, patatha zaka zisanu ndi chimodzi chivotereni koyamba paja.